Mlandu wa Kuwonda kwa Akazi Anga

Ndinakwatira kumudzi kwa akazi anga, kufupi ndi sikimu ya mpunga ya Likangala. Ndinali mkamwini. Nyumba ndinamanga ndine, koma malo anali akwawo, ndipo mawu omaliza pa mbumba yonse anali a alamu anga, mchimwene wawo wamkulu.

Pamene ndinkawakwatira anali owonda ngati bango. Zaka zitapita ananenepa, ine n'kumanyadira. Kwathu kuno mkazi akanenepa amatamanda mwamuna. Ndikachoka kunyanja, mlamba wonona sindinkagulitsa, unali wawo. Mumpunga tinkathira mafuta. Tiyi ankamwa wa masupuni anayi a shuga, wothira ndine. Amayi a kutchalitchi ankati, "Awa ndiye amadziwa kusunga mkazi." Mumtima ndinkakondwa.

Kenaka mutu unayamba kuwapweteka cha kunkhongo. Mapazi ankatupa. Tsiku lina tikuwokera mpunga anawerama, n'kugwa chafufumimba m'matope. Ndinawakweza pa njinga, makhadi a chipani m'thumba poti panjira ankafunsa, mpaka kuchipatala chaching'ono cha kumtunda.

Tinapeza adokotala achikulire, a magalasi omanga ndi ulusi. Anawamanga akazi anga lamba pamkono n'kupopa, kenaka anawakweza pa sikelo.

"Mayi, magazi anu akuthamanga kwambiri," anatero. "Mapiritsi ndikupatsani, koma paokha sangathe. Mtima wanu ukusenza katundu woposa mphamvu zake. Thupili lichepeko."

Ndinapsa mtima. "Mukuti ndiwawondetse? Ndavutika zaka zonsezi."

"Ndikuona kuti mwavutikadi, bambo. Ntchito yanuyo ndi imene yagwa m'matope lero."

Adokotala anatembenukira kwa akazi anga. Sanawakalipire. Anafunsa kuti n'chiyani chimene ankachita kale chimene tsopano chikuwakanika.

"Kufika kumunda osakhala pansi," anayankha akazi anga. "Pano ndimapuma katatu. Pa mtengo wa mango, pa mlatho wa ngalande, ndi pachulu."

"Basi tiyambire pomwepo. Mwezi uno tichotse mango. Mlatho ndi chulu zikhale kaye, zisakuvuteni maganizo. Nanga shuga ndi mafuta, chosavuta kuchepetsa n'chiti?"

"Shuga."

"Masupuni anayi akhale awiri. Mchere muzingowaza pang'ono. Mpunga muzisiya chipande chimodzi mumphika. Za mafuta tidzakambirana mukadzabweranso, Lachinayi loyamba la mwezi wamawa."

Sanalembe pa pepala poti akazi anga sankawerenga. Anawauza kuti abwereze ndi pakamwa, ndipo anabwereza zonse osaphonya. Tikutuluka adokotala anandiitana. "Bambo, supuni ili m'manja mwanu."

Mwezi woyamba unali wovuta. Akazi anga ankadutsa pa mango akupumira m'mwamba, maso ali pa mthunzi. Ine ndinkayenda pambuyo pawo, makasu onse awiri paphewa. Tiyi nanenso ndinayamba kumwa wa masupuni awiri. Sindikanatha kumwa wotsekemera iwo akundiyang'ana. Tiyiyo ankawawa, koma ndinkameza.

Mwezi uliwonse adokotala ankawonjezera chinthu chimodzi chokha, atafunsa kaye ngati angathe. Matemba tinasiya kukazinga, tinkangophika ndi tomato. Mwezi wina sikelo sinasunthe konse, akazi anga n'kulira panjira. Wotsatira wake inasuntha. Mlatho unachoka mpunga ukuyamba kucha. Pofika nthawi yomweta, chulu nachonso chinachoka. Mapazi anaphwa. Mutu unasiya.

Koma chitenje chinayamba kuzungulira thupi n'kutsala, ndipo kuchitsime anthu anaona. Ena ankati ndili ndi mkazi wina ku chilumba cha Chisi, nsomba zabwino zikuthera kumeneko. Ena ankati ndayamba umbombo. Alamu anga ankakhala kwa akazi awo, mudzi wina wa kutali ndithu, ndipo anali asanawaone mlongo wawo miyezi yambiri. Atamva mphekesera anabwera. Anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kundiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Alamu, mlongo wanga ndinamusiya ali munthu. Lero ndapeza chiyani ichi? Loweruka ndikubwera ndi ankhoswe. Ngati kusunga mkazi kwakukanikani, njira imene munabwerera mukuidziwa."

Mkamwini akauzidwa choncho si nthabwala. Amanyamula bulangete lake, ana n'kutsala. Ine ndinali ndi ana asanu pamudzipo.

M'mawa mwake ndinapita kugolosale. Ndinagula shuga ndi botolo la mafuta, n'kukaziika patsogolo pa akazi anga.

"Muzidya monga kale," ndinatero. "Mpaka mlandu uthe."

Anayang'ana botolo lija, kenaka ine. "Kuti mukhale pamudzi pano muzilambula manda anga?"

"Andithamangitsa."

"Bambo, inu mumathira shuga ndi dzanja lolemera, koma pano ndiye mwaonjeza. Izi tisungire alendo."

Anazinyamula n'kukaziika mudengu. Ndinachita manyazi. Ndinatenga ukonde n'kukakhala pansi pa mtengo kumasoka malo osang'ambika.

Loweruka m'mawa anabwera, alamu ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Tinakhala pakhonde. Alamu anali munthu wa mimba, ovala jekete ngakhale kukutentha, ndipo ankadziwa kulankhula. Analankhula nthawi yaitali. Atatha, ankhoswe anati ndiyankhe.

"Ananena ndi adokotala," ndinatero.

"Dokotala wake uti wouza munthu kuti awonde?" anafunsa alamu. "Kuchipatala timapita titawonda kuti tikanenepe. Kapena awa anapita kwa dokotala wa ng'ombe?"

Anthu anaseka. Ine pakamwa sipanandithandizepo chibadwire. Ngakhale nkhoswe yanga yomwe inayang'ana pansi.

Akazi anga anali pamphasa, kumbali monga mwa mwambo. Anadzuka, anamanga chitenje, n'kutenga khasu.

"Achimwene, mlanduwu tikaweruzire kumunda. Tiyeni."

"Iwe, khala pansi. Akulu akulankhula."

"Mwalankhula kale. Tiyeni mukaone mmene akundizunzira."

Anauyamba ulendo osacheuka. Ankhoswe anayang'anana, n'kudzuka. Alamu sakanatsala okha pakhonde. Dzuwa linali litakwera. Akazi anga anali patsogolo, khasu paphewa, ife tonse m'mbuyo ngati abakha. Pa mango anadutsa. Alamu anavula jekete. Tikufika pa mlatho thukuta linali litanyowetsa malaya awo onse, ndipo anakhala pansi, akuti m'nsapato mwalowa mwala.

Akazi anga sanaime. Tinkawaona akudutsa chulu, n'kufika pamunda, n'kukhapa kangapo pamzere kuti tione. Kenaka anabwerera, n'kuwapeza alamu akadali pomwe paja, nsapato m'manja.

"Achimwene, pamenepo ndi pamalo panga. Ndinkakhalapo ine miyezi yapitayi. Mwalawo sunatulukebe?"

Nkhoswe imodzi inabisa nkhope m'chipewa.

Akazi anga anagwada pafupi nawo, mawu n'kutsika. "Ndinagwa m'matope umo, achimwene. Anandinyamula ndi awa. Shuga anasiya nane limodzi, munthu wokonda zotsekemera ngati nyerere. Mukawathamangitsa, ndani aziyenda pambuyo panga?"

Alamu anavala nsapato yawo pang'onopang'ono. Ankhoswe anati palibe mlandu, aliyense azipita kwawo. Ine ndinayang'ana kumbali, kumadzi a m'ngalande, mpaka maso atauma. Akazi angawo anakhala nane zaka zina zambiri, mpaka kubereka zidzukulu kumbuyo.

Patapita masiku awiri alamu anatulukira ndi nkhuku yathadzi m'khwapa. Kwathu wolakwa pamlandu amapepesa ndi nkhuku, koma iwo mawu opepesa sanawatchule.

"Alamu, nkhukuyi yatitopetsa, ikungofukula mbewu. Ndati mwina kuno."

Akazi anga anaiphika tsiku lomwelo, yongowiritsa ndi tomato. Alamu analawa msuzi, n'kukwinya nkhope.

"Mchere unatha pamudzi pano?"

"Idyani, alamu," ndinatero. "Mwezi woyamba ndiye wovuta."

Anadya mpaka kuswa mafupa. Powaperekeza tinayenda kufika kunjira yaikulu. Pamenepo anaima, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati kuli womva.

"Mlongo wanga akuti amamanga lamba pamkono. Zimapweteka?"

"Ayi."

"Ine mutu umandivuta masana. Musakamuuze."

Ndinati Lachinayi abwere m'mamawa, ndidzawaperekeza. Anafunsa ngati ndidzawakweze pa njinga. Ndinati tidzayenda wapansi.