Mpando wa Amayi Tinenenji Pakhomo

Ku Nangongwe mukafunsa za amayi Tinenenji, ena adzakuuzani kuti ndi aja ogulitsa repu ndi timabiringanya ta impwa pamsika wa Kafue, ena kuti ndi aja olanda katundu wa alendo. Zonsezo n'zoona.

Amuna awo, a Fines, anagwira ntchito ya njanji zaka makumi atatu. Atapuma anapezeka ndi matenda a shuga, ndipo chilonda cha kuphazi chinakana kupola. Nesi sanapite m'mbali: shuga akapanda kutsika, phazilo lidulidwa.

Koma kwathu kuno sitikaona wodwala chimanjamanja. Abale ndi a kumpingo ankabwera ndi zakumwa zotsekemera ndi mabanzi, n'kukhala pomwepo mpaka wodwala alaweko. A Fines, munthu wamanyazi, akanakana bwanji? Ankamwa, shuga n'kukwera.

Amayi Tinenenji atatopa anaika mpando pakhomo n'kuyamba kusuzumira m'zikwama. Inenso mabanzi anga anabwezedwa, ndipo ndinawanena mpaka kukamwa kuuma. Lero ndikakumbukira ndimachita manyazi. Koma opsa mtima koposa anali a Clementina, alongo awo a a Fines, ochokera ku Shimabala.

"Mulamu, mufuna kumupaya na njala mulongo wanga?" anatero a Clementina.

"Njala siidula mwendo, mulamu," anayankha amayi Tinenenji. "Tiyeni ku kiliniki pa Chitatu, mukamvele mweka."

A Clementina anapita, koma cholinga chinali kukawaneneza amayi Tinenenji kwa nesi. Anapeza nesi akuphunzitsa mabanja a odwala: nshima yochepa ngati chibakera, ndiwo zamasamba zambiri, mankhwala pa nthawi yake, kuyang'ana mapazi tsiku lililonse. Nesi atanena kuti matendawa amayenda m'magazi a pachibale, a Clementina anapereka chala mwamatama kuti ayezedwe. Shuga anali wokwera. Anabwerera m'mawa mwake asanadye kanthu, zotsatira zinali zomwezo.

Kwa milungu ingapo sanaonekenso. Kenako anatulukira masana ena, n'kukhala pansi pafupi ndi mpando uja.

"Mulamu, bana banga sibanimvela pa nkhani ya vakudya. Tiyeni mukabaphunzise."

Amayi Tinenenji sanakumbutse zakale. Anangotenga chitenje n'kutseka chitseko. A Fines ndi amene anawaperekeza kokwerera minibasi, pang'onopang'ono, atavala nsapato koyamba m'miyezi isanu.