Omari, Woperekeza Anamfedwa ku Hatta

Mukanafika mu Satwa, ku Dubai, zaka zimenezo n'kufunsa kuti a Omari Mdoka amakhala pati, anthu akanangokuyang'anani. Koma mukanati mukufuna a Matenti, ngakhale Mmwenye wosoka zovala pakona paja akanakulozerani ndi sizasi yake: kuseri kwa mzikiti waung'ono, nyumba yachikasu, chipinda chakumapeto. Anali munthu wamfupi, wamapewa otambalala, kwawo ku Ntaja, ndipo pa dziko lapansi panalibe chowathamangitsa. Anabwera ku Dubai mu 1999 kudzayendetsa galimoto pa kakampani kena kotengera alendo kuchipululu. Kunyamula alendowo sinali ntchito yawo ayi, imeneyo inali ya anyamata odziwa kuseka m'Chingerezi. A Omari ankatsogola ndi pikapu yakale itasenza matenti, mikeka, makala ndi zigubu za madzi, kuti mabwana pofika apeze zonse zili m'malo.

Ntchitoyi inkawaseketsa mpaka misozi. Ankati kwawo wogona kutchire ndi amene akulondera anyani m'munda, apo ayi mkazi wamupirikitsa. Nanga kuno, munthu wanzeru zake kusiya nyumba yozizira bwino ndi matiresi ofewa, n'kupita kukalumidwa ndi nyerere, m'mawa n'kuthokozanso! Komabe malo amodzi anawalowa mumtima. Alendo ena ankakana mchenga n'kufuna mapiri a ku Hatta, ndipo kumeneko, ukasiya tala n'kutsata kamsewu ka miyala mpaka msana kudandaula, umafika pa dziwe lalikulu lobisala pakati pa mapiri. Madzi ake obiriwira, ozizira, osagwedezeka. M'mbali mwake munali mitengo yaminga imene alendo ankaitama kuti nkhalango, pamene a Omari ankati ku Machinga imeneyo ndi tchire lodyetsako mbuzi basi. Kunalibe mpopi, chimbudzi kapena magetsi, ndipo foni ya m'manja ikafika kumeneko inkangokhala chidole.

M'chipinda chawo cha mu Satwa ankagonamo ambiri, mabedi osanjikizana, mitundu yosakanikirana. Mashifiti ankasiyana, choncho nthawi iliyonse, usana kapena usiku, mumakhala wina ali mtulo. Mmalawi mnzawo m'menemo anali Golden, mnyamata wa ku Balaka wokolopa mu hotela. Tsiku lina Golden analandira uthenga woti bambo ake atisiya. Anakhala pabedi n'kuyamba kulira momwe timalirira kwathu, mokweza, motchula dzina. Munthu wa bedi lapamwamba, wa ku Nepal, anagogoda chitsulo n'kumupempha mwaulemu ndithu kuti achepetseko, poti iye akudzukira ntchito m'bandakucha. Sanalakwe munthuyo. Golden analuma pilo, n'kumagwedezeka yekhayekha. Akanapita kuti? Kubafa kunali mzere, ndipo pamsewu ukalira chotero anthu amayesa wazungulira mutu.

A Omari zinawapweteka kwambiri. Lachinayi lotsatira anapempha pikapu kwa bwana wawo, nkhalamba yosalankhulalankhula, imene inangoti yalla, ndiye kuti pitani m'Chiarabu, bola mafuta athire okha. Anamutenga Golden mpaka kudziwe kuja, anakhoma tenti, anakoleza moto, anayala mkeka pansi pa mtengo.

"Lira tsopano, mphwanga," anatero. "Kuno wokuletsa palibe."

Golden analira mpaka mapiri kumuyankha. A Omari anangosonkhezera moto n'kumamuthirira tiyi.

Nkhani ya Amalawi simagona. Posakhalitsa aliyense amene zamugwera zovuta kumudzi, mlonda kaya wantchito ya m'nyumba, ankafunafuna a Matenti. Tikiti ya ndege yothamangira maliro ndani akanaikwanitsa? Ndiye maliro ankakagonedwa ku Hatta, kunyamuka Lachinayi masana n'kubwerako Lachisanu, tsiku lopuma. A Omari anali ndi malamulo awo, ndipo pa zimenezi sankaseka ndi munthu. Amayi tenti yawo payokha, abambo panja pamoto monga zimakhalira pasiwa. Akhristu aimbe nyimbo zawo, Asilamu achite duwa yawo, osalimbana. Mowa ayi. Ponyamuka osasiya ngakhale kachipepala. Ukakhoma chikhomo cha tenti mopendama ankachizula pamaso pako n'kukufunsa ngati kwanu munamangapo khola la nkhuku. A Omari eni akewo pansi sankakhala. Uku akutola nkhuni zouma, uku akutunga madzi, uku akuwunika zinkhanira pansi pa miyala. Misozi yawo panalibe amene anaionapo, ndipo ena ankanong'onezana kuti mkuluyu ndi wouma mtima.

Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkawafulumizitsa. Lachisanu ankaonetsetsa kuti matenti apindidwa msanga, chifukwa akatuluka mumzikiti masana ankayenera kukhala ali pa foni ya pamsewu, khadi lili m'manja. Ankaimba ku kanyumba ka foni ka pa Ntaja, kumene mkazi wawo Abiti Jafali ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Hadijah, ankakhala atadikira pabenchi. Awiriwo ankachokera kumudzi akuyenda wapansi, ulendo wautali ndithu, ndipo sankaphonya.

Mu Januwale 2003, Lolemba lina, a Omari anaitanidwa ku ofesi kuti kuli foni yawo. Anali mlamu wawo. Anawauza kuti Abiti Jafali anadwala malungo masiku ochepa chabe, amwalira dzulo m'mawa, ndipo monga mwa Chisilamu anaikidwa dzulo lomwelo dzuwa lisanalowe. Anawonjezera kuti mwana ali kwa azakhali ake, ndipo Lachisanu adzabwera pa foni kuti amve mawu a bambo ake. A Omari anayankha zoyenera kuyankha, anabwezera foni pamalo pake, n'kubwerera kukamaliza kupakira makala. Sanauze munthu.

Lachisanu litafika anagula khadi monga mwa masiku onse. Anaima pa foni ija, anadina manambala mpaka pakati, dzanja n'kukana. Ankadziwa kuti ikangolira, woyankha akhala Hadijah yekha, popanda mawu ena kumbuyo kwake olimbirana naye foniyo. Bola osaimba, Abiti Jafali ankakhala ngati akadali pabenchi paja. Anaika khadi m'thumba n'kubwerera kuchipinda. Lachisanu linalo zinachitikanso chimodzimodzi, linzakenso chimodzimodzi. Musaganize kuti sankadziwa chimene akuchita. Ankadziwa bwino lomwe kuti kwawo ndi nthawi ya dzinja, kuti mwana wamasiye akuponda matope ulendo wonse uja, n'kukhala pabenchi mpaka mwini foni kutseka. Zinkawadya usana ndi usiku, ndipo manyazi ankakula sabata ndi sabata. Tsopano anayamba kuopa zinthu ziwiri: kuimba, komanso kuti tsiku lodzaimbalo mwanayo adzakhala atatopa n'kusiya kubwera.

Thupi silinama. Buluku linayamba kugwa m'chiuno. Tsiku lina anafika kuchipululu ataiwala thumba lonse la zikhomo, munthu amene ankatukwana anzake chifukwa cha chikhomo chimodzi, ndipo alendo anadikira padzuwa. Golden akawafunsa, ankati ndi chimfine cha nyengo yozizira.

Kenaka Golden yemweyo anabwera ndi uthenga woti kwagwa zovuta, Selinah akupempha ulendo wa ku Hatta Lachinayi. Selinah anali mkazi wa Maurice, mlonda wa ku Investments Park, ndipo mayiyo ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Jumeirah. Kwawo kunali ku Nsanama, kufupi ndi Ntaja komweko. A Omari mtima unafuna kukana, koma ukana bwanji namfedwa? Anakapempha pikapu. Pa tsikulo anthu anabwera ochuluka kuposa kale lonse, mpaka Maurice anachita kubwereka minibasi, ndipo a Omari anang'ung'udza njira yonse kuti madzi sakwana.

Anafika dzuwa litapendeka, mphepo yozizira ikutsika m'mapiri. A Omari anayamba ntchito yawo ya nthawi zonse. Matenti ataima, anatenga mkeka wa namfedwa n'kukauyala pansi pa mtengo waukulu uja, moyang'ana kumadzi, n'kuitana Selinah kuti adzakhale. Selinah anabwera, koma pamkekapo sanapondepo. Anagwada pambali, pamiyala. Golden anawayandikira n'kuwalanda hamala m'manja mwakachetechete.

"Bambo, mkekawo ndi wanu," anatero Selinah. "Mchemwali wanga anandiimbira kuchokera pa Ntaja. Mwana wanu anamupeza pabenchi."

A Omari anapsa mtima. Anafunsa kuti ndani wawatuma kulowerera za m'nyumba ya eni ake, anati awanamiza ngati mwana, anati mafuta awo apita pachabe. Kenaka anati akukatola nkhuni. Maurice anawalozera mulu wa nkhuni umene anyamata anali atatola kale. Anati madzi, anawaonetsa zigubu zodzadza. Anayang'ana uku ndi uku kufuna ntchito ina, osaipeza. Golden anangowauza motsitsa mawu kuti maliro n'kulirana, ndipo a Omari omwewo ndiwo anaphunzitsa onsewo njira ya kuno. Pamapeto pake a Omari anakhala pamkeka.

Koma misozi sinabwere. Anthu anakhala mozungulira, amayi atafunda zitenje, abambo zipewa zili m'manja, onse duu. Uthman, dalaivala mnzawo, anachita duwa, Akhristu anaimbako nyimbo imodzi motsitsa, a Omari ali gwa, maso pamadzi. Mumtima ankadzifunsa ngati anthu aja ankanena zoona kuti iwo ndi wouma mtima. Anali ataperekeza anthu ambirimbiri pamkeka umenewu, koma poyambira pake sankapadziwa.

Selinah ndiye anaswa bata. Anati iwo onse mayiwo sanawaonepo, ndiye kulira munthu wosamudziwa n'kovuta, bwanji awauzeko kuti anali munthu wotani.

A Omari anayamba ndi mawu owuma ngati akupereka lipoti kwa bwana. Anati Abiti Jafali anali mlimi wa mpunga kudambo. Anati poseka ankatseka pakamwa ndi dzanja chifukwa dzino lakutsogolo linabenthuka ndi mzimbe ali mtsikana. Anati pamene iwo ankanyamuka, mayiyo anawalongedzera thumba la chinangwa chouma, poti anamva kuti ku Arabu kulibe minda, ndipo pabwalo la ndege anachita nacho manyazi koma sanachitaye. Anthu anamwetulira, ndipo mawu a mkuluyo anayamba kufewa. Ndiye anafika pa nkhani ya foni. Anati mkazi wawo sanakhulupirirepo kuti kawaya kangafikitse mawu kutali chonchi popanda kukathandiza, ndiye ankakuwa ndi mphamvu zake zonse mpaka ogulitsa tomato panja kumva za m'banja mwawo. Pofuna kuwaonetsa, a Omari anaika dzanja kukhutu, anakoka mpweya n'kukuwa ndi kamawu kachizimayi:

"Bambo a Hadijah! Mukundimva kodi?"

Anthu anaphulika kuseka. Mawuwo anawoloka dziwe, anagunda phiri la tsidya n'kubwerera, ndipo pobwerera anawapeza a Omari dzanja likadali kukhutu, pakamwa pali yasa. Anafuna kuyankha kuti akumva. Chimene chinatuluka sichinali mawu. Selinah ndi amayi anzake analandira kulirako, abambo anaweramitsa mitu, ndipo Golden anakhala pambali pawo atawagwira phewa mpaka mdima unagwa. Moto anasonkhezera ndi ena tsiku limenelo.

Kutacha a Omari anaswali m'mphepete mwa madzi, anamwa tiyi, anadyako ndi buledi yemwe. Anyamata anapinda matenti mokhotakhota, zikhomo n'kuziponya m'thumba ndi dothi lomwe, a Omari akungoona. Makiyi a pikapu anapatsa Uthman. Atafika m'tauni ya Hatta, Asilamu analowa mumzikiti, enawo anadikira pamthunzi wa sitolo. Potuluka, a Omari anaona foni ya pamsewu pafupi ndi sitoloyo. Anapisa m'thumba, khadi lija linali momwemo.

Anadina manambala onse mpaka kumapeto. Inalira kanthawi. Mwini kanyumba ka foni atayankha, a Omari anadzitchula dzina n'kufunsa mwamantha ngati kunja kuli mtsikana wina wodikira. Munthuyo anati alipo, wafika m'mawa mvula ili mkati, adikire amuitane. A Omari anali atakonza mawu ambiri opepesa, ndipo anayamba kuwayala m'mutu kuti ayambire pati. Anamva mapazi, kenaka kupuma kwa munthu pafupi ndi foni.

"Ababa? Ndinu?"

"Ndine, mwanangu."

"Ndiye muli moyo," anatero Hadijah. "Ine ndimayesa nanunso mwadwala, anthu akungondibisira."

Mawu onse opepesa aja anabalalika. A Omari anatsamira chitsulo cha foni, anagwira cholankhulira ndi manja awiri, n'kumangobwereza kuti alipo, ali moyo, sakupita kulikonse, alipo. Golden atasuzumira n'kuona kuti khadi latsala pang'ono kutha, anathamangira m'sitolo kukagula lina.