Mashelefu Opanda Zitseko

Munthu akalowa m'khitchini mwanga amayamba wayang'ana kukhoma, kenako n'kundiyang'ana ine. Ena amadzigwira, koma ena pakamwa pamawayabwa: "Kodi ndalama inathera panjira, zitseko osaika?" Ine ndimangoseka. Zitseko zinalipo, zolemera bwino, za loko wake. Ndinazichotsetsa dala, ndipo wondiuza kuti ndizibwezeretse sanabadwe.

Amuna anga ankagwira ntchito kuesiteti, pasikelo yoyezera masamba a tiyi. Si ntchito yaikulu, koma kwawo kwa Mphuka munthu wogwira cholembera m'malo mwa dengu ndi bwana basi. Tinkakhala pamudzi wa amayi anga, kumapeto kwa minda ya kampani, iwo ali mkamwini. Chaka chimene tinamanga khitchini ya njerwa zowotcha anagula kabati ku Luchenza, inabwera itagonekedwa panjinga anthu akukankha. Inali yakuya moti ukafuna chinthu chakumbuyo unkalowetsa mkono mpaka phewa, n'kutulutsa mphemvu.

Apongozi anga, amayi awo, ankabwera mwezi ukatha. Ndinkatsekula kabatiyo pamaso pawo n'kuwapatulira shuga, sopo ndi timafuta m'botolo. Sindinkanyinyirika, ndi mayi, anabereka. Nthawi imeneyo ankandiitana kuti mwana wanga.

Chilimwe tiyi saphuka kwenikweni ndipo ntchito imachepa, izi aliyense wa kuno amazidziwa. Koma chaka china chikwanje chinafika mpaka kusikelo. Amuna anga anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba, adzawaitana. Pamudzi pathu anthu anadziwa, koma kwa Mphuka n'kutali. Amuna anga anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mayi, chonde amayi asamve. Ndi za masiku ochepa izi." Ndinavomera. Tonsefe alangizi anatiuza tikulowa m'banja kuti za m'nyumba sizituluka pakhomo, ndipo ine ndinali wophunzira wabwino.

Kabati inayamba kupepuka. Iwo m'mawa ankavala jombo zawo n'kupita kukasaka ganyu ku Luchenza, ine n'kumagulitsa zitumbuwa pamsewu kwa otchola tiyi ochepa amene anatsala. Zimene tinkapeza zinkathera m'kamwa mwa ana tsiku lomwelo. Apongozi atatulukira mwezi utatha, amuna anga anathamangira kukhitchini, anakhoma kabati, kiyi n'kuponya m'thumba. Podutsa anandinong'oneza kuti, "Muwauze kuti kiyi wasowa."

Kwathu kuno maloko ambiri salondera chuma, amalondera manyazi. Woona kabati yokhoma amaganiza kuti mwadzaza, ndipo mwini wake amafuna aganize choncho. Ulendo umenewo apongozi anakhulupirira, anatithandiza n'kufunafuna kiyi kuseri kwa mtsuko. Ulendo wotsatira anamwa tiyi wopanda shuga maso ali pa loko. Kenako anasiya kundiitana mwana wanga, ndinangokhala uyu.

Tsiku lina kunabwera alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga. Madzi anakana, mphasa anakana, analankhula ali chiimire.

"Alamu, ine ndangotumidwa. Kumudzi akuti achimwene mwawaika m'botolo. Akuti kiyi mumamanga m'chiuno, mukudya nokha ndi abale anu, amayi mukuwamwetsa madzi otentha. Ndiye Loweruka kubwera ankhoswe. Amayi akuti ngati zili choncho adzatenge mwana wawo."

Ndinawayang'ana amuna anga, amene anali pakhonde pomwepo. Anali kalikiliki kumanga chingwe cha nsapato chomangamanga kale.

Alamu atapita, amuna anga anandiitana. "Mayi, mungopepesa. Mudzagwade, munene kuti ndinalakwa, nkhani itha. Mvula ikagwa andiitana, tidzawagulira zambiri amayi, adzaiwala."

"Ndipepese chiyani, bambo? Ndinadya chiyani?"

"Ndiye mukufuna ndiyaluke pamaso pa amalume anu? Ine mkamwini, ndili pamudzi pa eni?"

"Ndiye ndiyaluke ndine?"

Ndinapsa mtima, koma ndinkawamveranso chisoni, ndipo chisonicho n'chimene chinkandikwiyitsa kwambiri. Ndikanagwada, banja likanapulumuka, koma ndikanakhala mkazi woumira amene anamana apongozi ake, dzina loti ana anga aakazi akanalipeza likuwadikira kulikonse kokakwatiwa. Kukana kugwada, banja likanatha. Munthu amene ankadziwa zoona anali atasankha kale kuti wonyamula ndikhale ine.

Kutacha, iwo atangokhota pamsewu, ndinapita kukatenga akalipentala, bambo wachikulire amene amakhoma mipando ndi mabokosi a maliro pansi pa mtengo wa mango kumsika wathu. Atalowa m'khitchini anaisisita kabatiyo ngati mbuzi yogula.

"Chavuta n'chiyani, mayi? Loko?"

"Iphwasuleni. Matabwa akewo mundikhomere kukhomaku, akhale mashelefu."

"Iii, kabati yabwinobwino? Abambo akudziwa?"

"Abambo saphika. Khitchini ndi yanga."

Anapukusa mutu koma hamala anatulutsa. Atachotsa thabwa lam'kati, analigwirizira kukhoma kuti ndione. Kuya kwake kunali kuyambira paphewa mpaka kunsonga za zala.

"Apa ndiye mwalemera," anatero. "Mizere iwiri. Mapoto kumbuyo, makapu kutsogolo."

"Kumbuyoko ndi kumene sindikukufuna. Lichekeni pakati, m'litali."

"Liwonongeka thabwa, mayi. Shelefu yopyapyala choncho poto sakhalapo."

Ndinatenga mbale yodyera n'kuiika pathabwapo, ndinalemba ndi khala pamene yalekezera. "Mbale ikakhala, basi. Mapoto ndipachika pamisomali. Sindikufuna malo oti chinthu chibisale kuseri kwa chinzake."

Anacheka akung'ung'udza, ndipo thabwa limodzi linabala mashelefu awiri. Kenako tinakangana za kathabwa kakutsogolo koletsa zinthu kugwa. Iwo ankafuna kotalika zala zitatu, ati ndiye kamaoneka bwino, akhoza n'kukasema timapirimapiri monga amachitira pamakabati a aphunzitsi. Ndinabweretsa botolo langa la mafuta ophikira. Mafuta otsalamo sankafika n'komwe zala zitatuzo, akanabisika onse.

"Chala chimodzi," ndinatero. "Chosasema."

"Nanga kansalu? Azimayi ambiri amaika kansalu ka maluwa pawaya. Kuno kuli fumbi, kuli utsi, nthawi ya chiperoni zinthu zimachita nkhungu."

"Fumbi ndipukuta."

Chomaliza chinali kutalika. Iwo anaika chizindikiro pamwamba, kuti ana ndi nkhuku asafikire. Ndinawauza atsitse. Anatsitsa pang'ono. Ndinati atsitsenso, mpaka shelefu yapamwamba inafika pachibwano changa.

"Inu ndinu wamtali, mayi, muzidzawerama."

"Apongozi anga ndi aafupi."

Anandiyang'ana, anaseka mpaka kukhosomola, kenako kuseka kunawathera okha. Anakhoma mwakachetechete mpaka kumaliza. Malipiro awo anali zitseko ziwiri zija pamodzi ndi loko, ananyamula pamutu n'kumapita.

Ndinayala zinthu zanga. Mbale ndi makapu pansi. Pamwamba mchere wa m'kapepala, machesi, masamba a tiyi, soda, botolo la mafuta lija, ndi chitini cha shuga chimene ndinachigoneka cham'mbali, chovundukula, pakamwa pake pakuyang'ana kukhomo. Nditabwerera m'mbuyo kuti ndione, manyazi anandigwira. Umphawi wako ukauyala pamzere umaoneka waukulu kuposa mmene unkaudziwira. Ndinatsala pang'ono kuthamangira akalipentala kuti abweze zitseko, koma ndinakumbukira mawu oti ndigwade, mtima n'kuumanso.

Amayi anga anasuzumira n'kugwira pakamwa. "Mwana iwe, nyumba saivula chonchi. Anthu aziti chiyani?"

"Akunena kale, amayi."

Amuna anga atabwera madzulo anaima pakhomo la khitchini nthawi yaitali. "Mwachita chiyani, mayi?"

"Ndachotsa mphemvu."

Chakudya anadya, koma sanandilankhulenso mpaka Loweruka.

Ankhoswe anafika dzuwa litakwera. Kuchimuna kunabwera akulu awo a amuna anga, pamodzi ndi apongozi ndi alamu aja, kwathu kunali amalume. Tinakhala pabwalo, amuna pamipando, ife pamphasa. Apongozi anayala mlandu wonse, ndipo pamene mtima unawawawa kwambiri analowa m'Chilomwe, ngati kuti ife sitimva. Anati anabereka mwana, anamuphunzitsa ndi ndalama za nandolo, lero akugwira ntchito ya pasikelo koma mayi wake akuchapa ndi phulusa. Analira. Sindinawade nthawi imeneyo, chifukwa zimene ankanenazo kwa iwo zinali zoona.

Amalume anatembenukira kwa ine. "Mwamva, mphwanga. Muli ndi mawu?"

"Mawu ndilibe, amalume. Koma ndipemphe tonse tipite kukhitchini."

Azibambo anayang'anizana. Mlandu wa banja sakambira m'khitchini, ndipo akuluakulu ngati amenewo salowamo wamba. Koma apongozi anali atadzuka kale, ndiye onse anatsatira, akuwerama pakhomo.

Shelefu yapamwamba inali ndendende pamaso pa apongozi. Anayang'ana kuyambira kumapeto mpaka kumapeto. Anatenga botolo la mafuta n'kulipendeketsa. Analowetsa chala m'chitini cha shuga. Ine mumtima ndinati ndapambana.

"Wasamutsira kuchipinda," anatero apongozi. "Wamva kuti tikubwera, wabisa kuchipinda. Ndine mwana ine?"

Zimenezo sindinaziganizire. Mayi salowa kuchipinda kwa mwana wake wokwatira, ankhoswe salowako, ndipo apongozi ankadziwa bwino kuti palibe angapite kukaona. Ndinaphwasula kabati yabwino, ndinayalutsa nyumba yanga, koma mlandu unali pomwe unali. Akulu awo a amuna anga anayamba kugwedeza mutu movomereza.

Amuna anga anali kumbuyo kwa onse, pafupi ndi khomo, mwendo umodzi uli panja.

"Bambo," ndinatero, mokweza mawu, "kuchipindako mumagonako ndinu. Auzeni amayi zimene zili kumeneko."

Onse anatembenuka. Kunja nkhuku inkaitana anapiye ake. Ndinadziwa kuti akangonena kuti sadziwa, kapena akangokhala chete, ndiye kuti banja lathera pomwepo, ndipo wowalongedzera zovala ndikhala ine. Anayang'ana amayi awo, anayang'ana amalume, kenako maso awo anakakhala pamashelefu paja, chifukwa m'khitchinimo munalibenso kwina kowabisa.

"Kuchipinda kulibe kanthu, amayi," anatero. "Ntchito inatha. Kiyi anali ndi ine."

"Inatha liti?"

"Kale. Tisanakolole nandolo."

Apongozi anakhala pansi, padothi penipeni, pafupi ndi mafuwa. Amalume anakhosomola n'kutuluka, akulu aja n'kuwatsatira. Patapita nthawi apongozi anafunsa, osayang'ana aliyense, "Nanga ana akudya chiyani?"

"Zimene mukuzionazi, amayi," ndinayankha.

Sanapepese, ndipo sindinkayembekezera. Anadzuka, anamasula kampango kawo momwe munali chinangwa chophika chodyera panjira, anachiika pashelefu yapansi pambali pa makapu. Anatuluka osatsanzika ine kapena mwana wawo, n'kulunjika kusiteji, alamu akuwathamangira m'mbuyo.

Tinatsala awiri. Amuna anga anali atatsamira khoma, nkhope ili pansi, akuoneka ngati akalamba tsiku lomwelo. Ndinkawakonda munthuyo, ndipo kuwaona choncho kunandipweteka.

"Mwakondwa tsopano, mayi?" anafunsa.

"Sindinakondwe, bambo. Koma sindipepesa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanapite kukalongedza. Anatenga nkhwangwa kuseri kwa chitseko, n'kukandiwazira nkhuni.