Orpha ndi Masitepe a ku New York

Mlongo wanga Orpha anabadwa atagwira burashi yokwechera pansi. Azamba atayesa kumulanda, anawaluma chala. Wotsutsa akafunse kumanda kwawo.

Anakulira kwathu ku Pennsylvania akuchapira anthu okumba mafuta, mpaka manja ake anakhakhala moti tinkayatsira machesi pachikhatho chake. Anakwatiwa ndi Alonzo Tuttle, mlimi waulesi amene ngakhale udzu unkachita manyazi kumera m'munda mwake. Ndiye tsiku lina alamu angawo akukumba chitsime, m'malo mwa madzi munatumphuka mafuta. Basitu, tonse ulendo wa ku New York, ine pambuyo nditanyamula masutikesi ndi njala yanga.

Kumeneko mutu wa Orpha unabalalika. Mwamuna akalemera amaloledwa kugwirabe ntchito, bola ikhale yosatulutsa thukuta. Mkazi ayi, ntchito yake ndi kuonetsa anthu kuti alibe ntchito. Mwana wake wamkazi Leota ankamuwerengera m'mabuku a nkhani mmene madona amakhalira.

"Amayi, dona salowa kukhitchini."

"Nanga amatani tsiku lonse?"

"Amasintha madiresi, kenako mutu umamupweteka."

"Upweteka ndi chiyani, munthu wosagwira kanthu?"

Leotayo anakondana ndi Everett Thayer, wa banja limene chuma chake n'chakalekale moti palibe akukumbukira amene anachiba. Ukwati unkadikira chinthu chimodzi: Mayi Thayer, amake a Everett, abwere adzasiye kakhadi ka dzina lawo pakhomo pathu. Akasiya, ndiye kuti ndinu anthu. Akapanda kusiya, mwana wanu adzakalambira pawindo osakwatiwa.

Tinadikira mpaka Orpha manja anayamba kumuyabwa. Masana ena, antchito ali kuseri, anavula magolovesi, n'kutola epuloni ya wophika, n'kugwada pa masitepe akumaso. Kukwecha kwake akuimba, njiwa za mumzinda wonse zinasamuka. Ine ndinali pawindo ndikudya chitumbuwa cha maapozi. Ngolo n'kuima. Anatsika Mayi Thayer, chipewa chili ndi nthenga zokwanira kuulutsa ng'ombe.

"Iwe mtsikana, adona ako alipo?"

Orpha anayang'ana burashi, n'kuyang'ana ine. Ine ndinayang'ana chitumbuwa.

"Atuluka, mayi."

"Ukapereke kakhadi aka. Pambale, osati ndi manja amenewo."

Ngolo itachoka, nyumba inasanduka siwa. "Amayi mwandipha!" Leota ankalira. "Akadzakuonani patebulo adzati Everett akukwatira mwana wa wantchito!"

"Nanga adzakhala akunama?" anafunsa Orpha.

"Tikagule nkhope ina, mayi a Leota," anatero Alonzo. "Kuno amagulitsa chilichonse."

Ine ndinadzipereka kuti ndivale diresi ndikakhale mayi wa mwana. Anakana, ati ndevu zindiulula.

Mwambo ndi mwambo: nafe tinakasiya khadi lathu kwawo, a Thayer n'kutiitana ku chakudya. Pothawira panalibe. Patsikulo Orpha anamumanga m'chiuno mpaka mpweya unkalowa pamzere, kumaso paudala, m'khosi ngale, manja atabisidwa m'magolovesi ofika m'khwapa. Anamukhazika moyang'anizana ndi Mayi Thayer, iye akudikira kugwidwa ngati wakuba nkhuku. Supu inadutsa. Nsomba inadutsa. Kenako mayi aja anamuyang'anitsitsa, Leota n'kugwetsa foloko.

"Mayi Tuttle, mundilole ndinene zoona."

"Nenani, mayi."

"Wantchito wanu wa pa masitepe uja. Amaimba pamsewu ngati ali kudimba, ndipo anandiyang'ana m'maso. Nyumba imene mwana wanga akukatenga mkazi singasunge munthu wotero."

Orpha anaphethira. "Nkhope yake mwaikumbukira?"

"Nkhope? Ndiyang'anirenji nkhope ya wantchito?"

Ndinawaona ndi maso angawa mawu akukwera kukhosi kwa mlongo wanga, mawu a kumadziwe ochapira, oti akanatuluka mbale zonse zikanasweka ndi agogo a m'zithunzi akanagwa pakhoma. Koma anacheukira Leota. Mwana anali atayera ngati nsalu ya patebulo.

"Koma masitepewo anawala?" anafunsa Orpha chapansipansi.

"Kuwala anawala."

"Chabwino. Mawa ndimuchotsa ntchito."

Anamuchotsadi. Kuyambira pamenepo mpaka ukalamba, mawondo a Orpha ankagunda pansi m'tchalitchi mokha, ndipo manja ake anafewa moti ankaterereka akapatsa munthu moni.

Ukwati unachitika. Pamadyerero Mayi Thayer anamupsompsona pamasaya onse awiri, n'kuuza anzawo kuti asewere awo ndi dona wodziwa kulamulira antchito. Orpha anandikokera kuseri kwa maluwa, maso ali balala.

"Achimwene, ndithandizeni. Mayi uyu wandilandira, mayi yemweyu wandichotsa ntchito. Ndimuthokoze kapena ndimuwombe khofi?"

"Zonse ziwiri, chemwali," ndinatero. "Koma dikira adule keke."