Magetsi Anathima Nthawi Yake

Chaka chimene makuponi a feteleza anachedwa, aliyense ku Wimbe ankafuna ngolo yake iwotcheredwe tsiku lomwelo. Makina anga owotcherera sindinkawazimitsa ngakhale popuma. Ndinkauza anthu kuti kuzimitsazimitsa kumapha makina, koma zoona zake unali ulesi basi: switchi inali m'kati mwa shedi.

M'mawa wina mvula itangokata, kunabwera a Nyirenda, tenanti wa pa esiteti ya fodya, alibe nsapato. Chogwirira ndodo zowotcherera, chosweka, chitsulo chili pamtunda, chinali chitagwera m'matope.

"Mwazimitsa, amisiri?" anafunsa. Phokoso la chigayo chapafupi linkaphimba kulira kwa makinawo.

"Kalekale," ndinatero, ndili khale pabenchi, ndikukukuta chimanga chootcha.

Ndinangoona a Nyirenda awerama kuti anditolere chogwiriracho. Ndinafuna kukuwa, koma m'kamwa munali modzaza chimanga. Pomwepo chigayo chinangoti zii. Magetsi anathima, dzanja lawo lisanafike pachitsulo.

Anachitola, nachipukuta ndi malaya awo, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Zida zisamagone m'matope, bambo."

Kuchigayo amayi anayamba kudandaula za magetsi. Ine ndinalowa m'shedi n'kukazimitsa makina omwe anali atazima kale. Ndinakhalitsa m'menemo, chitsononkho chili m'manja.

Mpaka lero a Nyirenda amandivulira chipewa tikakumana, ndipo sindinawauzebe. Magetsi akathima anzanga amatukwana. Ine pakamwa pamandilemera.