Mawu a ababa ndinawapeza pamsika

Lachinayi, mwezi wa Juni. Ndadzuka zala zitauma ndi chisanu cha kuno ku Lichinga, koma mumtima muli mbee. Imvani chifukwa chake, abale owerenga.

Chaka chatha ababa anadwala sitiroko. Amamva zonse, amayenda ndi ndodo, koma lilime linakana. Mawu awo omveka bwino anatsala mu vidiyo ya ukwati wa mana Zaida, mkulu wanga, pamene ankalangiza akwati. Msuweni wathu amene anajambula anaiika pa intaneti, kenako foni yake inabedwa.

Lolemba ndinatsegula vidiyoyo kuti amayi amvere. Ababa akuoneka, milomo ikugwedera, koma zii. Pansi pake analemba m'Chipwitikizi kuti mawu achotsedwa chifukwa muli nyimbo ya eni ake. N'zoona, ababa akuyankhula, woimbitsa nyimbo anasiya ina ikulira chapansipansi. Makina a kampani anaimva n'kutseka zonse, nyimbo ndi ababa omwe.

Amayi sanalire. Anangondibwezera foni n'kupita kukasenda mbatatesi.

Dzulo nditaweruka kusukulu ndinapita pamsika ku Chiuaula kwa tio Saide (kuno bambo wamkulu timamutcha tio, amalume), amene amaikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'makhadi a foni.

"Tio, mawu akachotsedwa pa intaneti amabwereranso?"

"Mawu a chiyani, mwanangu?"

"A ukwati wa ku Lulimile."

"Uja mayi wina anavina mpaka nsapato kuuluka?"

"Amenewo ndi azakhali anga!"

"Ndiye ukawapatse moni, amandidyetsa! Anthu a ku Chimbonila amaufuna ukwati umenewu kuposa mafilimu a nkhondo."

Anali ataukopera kalekale, makina asanautseke. Anadina pakompyuta, sipika yawo yaikulu n'kulankhula msika wonse ukumva: "Zaida mwanangu, ukakwiya usaphike. Mkwiyo umathira mchere wambiri."

Anali ababa. Ndinakhala pansi pafumbi, osasamala za yunifolomu, tio akundiikira vidiyoyo m'khadi yanga.

Ndikuthokoza, ndipo sindikubisa. Ndikudziwa kuti ntchito ya tio Saide ena amaitcha kuba. Koma pakanapanda iwo, amayi sakanamvera mawu aja madzulo, foni ili pakhutu, akuseka okha kukhitchini.

Komabe pobwerera kunyumba china chinkandibaya. Anthu osatidziwa akhala akugula malangizo a ababa n'kumaseka azakhali, popanda wotifunsa. Kodi si mmene amamvera woimba akapeza nyimbo yake ikulira m'baraka iliyonse yogulitsira mowa, iye osalawako kanthu? Khadi yanga ndi yodzaza nyimbo. Ndi kangati ndinaganizapo za amene anasasa mawu pozijambula? Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Choncho makampani sindikuwada. Munda wopanda mlonda umathera anyani. Koma mlonda wake akhale ndi maso, azisiyanitsa nyani ndi mwana amene wangodutsa m'mphepete. Bwanji makina aja asachotse nyimbo yokha? Bwanji pasakhale munthu womvera kaye, n'kuzindikira kuti apa bambo akutsanzikana ndi mwana wake? Nafenso pa maukwati, kodi n'zovuta kuuza woimbitsa nyimbo kuti azimitse akulu akamayankhula?

Ndikuchoka, tio Saide anandiitananso, nthabwala zitatha.

"Tsono mwanangu, ukwati uja kwanga kuno ndiufufute, kapena ndizipatsabe anthu?"

Ndinawapempha kuti adikire kaye. Mawuwo si anga, si a tio, si a kampani.

Ababa sanaionebe vidiyoyi. Amayi akuti lero ayi, ndi tsiku lawo la kuchipatala ndipo amabwerako atatopa. Mawa ndidzawatulutsira mpando padzuwa, ndidzawaikira kuti adzimve okha, kenako ndidzawafunsa funso la tio Saide. Sadzayankha ndi pakamwa, koma mutu amagwedeza bwinobwino. Chimene adzanene mwini mawu, n'chimene ndidzapite nacho kumsika.