Phala Lomwe Linatidanitsa ndi Alamu Anga

Mwana wanga woyamba atakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, bambo ake ananditengera kwawo ku Misuku. Tinkakhala pa boma pa Chitipa, m'kachipinda ka kuseri kwa golosale yathu, ndipo iwo sankakhazikika chifukwa chokapikula katundu kumalire a Tanzania. Anati sindingathe kugulitsa ndi kulera khanda ndekhandekha m'fumbi la pa boma lija, bola ndikakhale ndi achemwali awo nyengo yothyola khofi. Ine kwathu n'ku Dedza. Chinenero cha kwawoko ndinkangodziwapo moni basi.

Alamu angawo anali aakulu kwa amuna anga. Banja lawo linatha kalekale, anabwerera pamudzi ndi ana asanu, ndipo chimwalirireni apongozi anga aakazi, khitchini ndi zonse za m'menemo zinali m'manja mwawo. Chichewa ankalankhula, chothira "yayi" ndi "chomene", koma akafuna kundinena ankatembenukira kuchinenero chawo ine ndili pomwepo.

M'mawa woyamba womuyambitsa mwana phala ndinadzuka nkhungu isanachoke m'mapiri. Ndinali nditabwera ndi ufa woyera wanga, sefa, kapoto katsopano, kapu ya chivundikiro ndi kasupuni ka pulasitiki. Ufa ndinausefa kawiri. Ndinaphika kaphala kamadzimadzi kotsetsereka pa supuni, poti ndinkaopa kuti kolimba kamutsamwa. Alamu anaima pakhomo la khitchini manja ali m'chiuno, kenaka anasuzumira m'poto.

"Mlamu, awa ndi madzi otsukira mbale kapena chakudya cha munthu?"

"Ndi phala la mwana," ndinayankha.

"Yayi. Kuno mwana timamupatsa la mawere, lolimba, timathiramo nthochi kapena peyala. Ana anga onse asanu anakulira lomwelo."

Anandionetsa lawo lomwe anaphikira kamdzukulu kawo. Linali lofiirira ngati dothi la m'munda wa khofi. Ndinati mwana wanga sangadye matope. Ndinanena moseka, koma iwo sanaseke. Anavundikira mphika wawo n'kutuluka.

Mwanayo analawa supuni ziwiri za phala langa, zina zonse zinathera m'khosi ndi pachitenje. Ndinadzilimbitsa mtima kuti ndi tsiku loyamba.

Sabata yachiwiri anandiuza kuti manja achepa kumunda, ndipite ndikathyole nawo khofi, mwana atsale nawo chifukwa kumtunda kukuzizira. Ndinavomera. Ndinamuyamwitsa, ndinasiya phala m'kapu, ndinawafotokozera nthawi yomupatsira. Dzuwa litafika pamutu mabere anadzaza mpaka kunyowetsa bulauzi, ndiye ndinatsika msanga osadikira anzanga.

Ndinawapeza pakhonde, mwana ali pamiyendo pawo. Kapu yanga inali pawindo chivundikirireni. Iwo ankatafuna nthochi yophika, kuilavulira pachala, n'kumuika mwana m'kamwa. Mwanayo ankayasamula kufuna ina.

Dengu la khofi ndinangoliponya pansi. Ndinamutsomphola mwana mwamphamvu mpaka analira, n'kuyamba kumukolowola m'kamwa ndi chala changa chomwe chinali chakuda ndi zakumunda.

"Malovu anu mukumudyetsa mwana wanga? Mukufuna mumupatsire chiyani?"

Anaimirira pang'onopang'ono akupukuta chala pachitenje.

"Iwe, mwana uyu ngwithu, ndi wathu. Ng'ombe za malowolo zinatuluka m'khola ilo ukuliona apolo. Kwanu ana ndi a mkazi, kuno yayi."

"Ng'ombe sizinabereke mwanayu. Ndinabereka ndine."

Ndikanalekera pomwepo. Koma mkwiyo unali utandikwera, ndiye ndinawonjezera kuti akanakhala odziwa zonse choncho, banja lawo silikanatha. Amayi awiri omwe ankadutsa ndi mitolo ya nkhuni anaima n'kumva zonse. Alamu analowa m'khitchini, anatulutsa kapoto kanga, sefa ndi kathumba ka ufa, n'kuziika pabwalo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala ndi mafuwa anga kuseri kwa nyumba, pansi pa nthochi, pomwe mphepo inkazimitsa moto kawirikawiri. Mtondo ndi munsi anazilowetsa kuchipinda kwawo. Tikakumana pachitsime, moni ankapatsa mwana kumsana kwanga, ine ayi. Ana awo anawaletsa kunditungira madzi. Kumunda ndinkapita naye mwana ngakhale kuzizire bwanji, nditamufunditsa zitenje ziwiri, chifukwa sindinkafuna kuti amukhudzenso.

Vuto linali lakuti mwanayo phala langa sankalifuna. Akangoona supuni ankatembenuza mutu, kufumbata milomo. Ine ndinkadziwa kuti alamu akundiyang'ana kudzera pamng'alu wa chitseko cha khitchini, ndipo sindinkafuna kuti aone phala likubwerera m'poto. Ndinayamba kumukakamiza. Ndinkamugoneka chagada pamiyendo, kupanikiza timanja take, kumuthira phala akamatsegula kukamwa polira. Tsiku lina anatsamwa, maso kutuzuka, mpaka ndinamuzondotsa n'kumumenya pamsana. Atapuma, ndinamva mawu kuchokera kukhitchini: "Muphe, tikuona." Sindinatembenuke.

Ku sikelo tinkapita kamodzi pamwezi, pa kachipatala kena kotsikira kudambo, ulendo wa njira yoterera yomwe umagwira udzu potsika. Mwezi woyamba mlangizi wa zaumoyo anangomuyeza n'kulemba m'buku. Mwezi wachiwiri anamupachika mwana pasikelo ya pamtengo, anayang'ana, analemba, kenaka anandionetsa m'buku. Mzere wa kulemera kwake unali utagona, sunakwere.

"Mayi, mukumupatsa chiyani mwanayu?"

Ndinafotokoza monyadira: ufa woyera wosefa kawiri, madzi owiritsa, shuga pang'ono, kapu yakeyake.

"Mukapendeketsa supuni, phalalo limatayika lokha?"

"Inde, kuti asatsamwe."

"Ndiye kuti mukumudzaza madzi m'mimba. Kamimba kake n'kakang'ono, kamafuna chakudya chokhala ndi kanthu. Phikani la mgaiwa kapena la mawere, likhale lokakamira pa supuni. Thiranimo nsinjiro, tsiku lina peyala, tsiku lina dzira kapena usipa wosinja, ndi masamba ophika opota bwino. Ndipo musamukakamize. Mukhazikeni tsonga, mudikire atsegule yekha, kuyamwitsa osasiya."

Analankhula mokweza kuti amayi onse pamzere aphunzirepo. Ena anaseka, poti nkhani ya matope ija anali ataimva kale. Ndinamufunsa motsitsa mawu za kumutafunira mwana chakudya. Anati zimenezo ayi, m'kamwa mwa wamkulu mumakhala matenda, chakudya chizipotedwa ndi supuni yoyera. Mawu amenewo okha ndi omwe ndinawasunga ngati chuma pokwera phiri.

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Ndinawapeza alamu akupeta mawere pabwalo penipeni, pomwe sankapeterapo masiku onse, akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi.

"Ati adokotala akuti muphike matope," anatero osandiyang'ana.

"Atinso malovu ndi matenda," ndinabweza.

Mtondo unali kwa iwo, mawere analinso kwa iwo. Anatuma mawu kudzera kwa mwana wawo wamkazi wamkulu kuti ndikafuna zinthuzo ndikagwade pakhomo la khitchini ndipepese pamaso pa amayi awiri aja. Sindinagwade. Mayi wina wa kutsidya kwa kamtsinje, yemwe tinkaimba naye kwaya, anandipatsa mawere ndi mtedza, n'kundilola kupera pamphero yake. Ndinali ndisanaperepo chibadwire. Zala zinasupuka, ufa unkatuluka wamisere, ndipo ndinkabwereza katatu kuti ufewe. Mtedza ndinkaukazinga pang'ono, kuupukusa, kuuphwanya ndi botolo pambale ya chitsulo.

Phala loyamba la mawere ndinaliphika mobisa, nditatembenuzira msana kukhitchini. Linapsa lolimba, lonunkhira nsinjiro. Ndinamukhazika mwana pamwendo, ndinamupatsa supuni ina kuti aziseweretsa, n'kudikira. Ananyambita, anakwinya nkhope, kenaka anayasamula. Anadya supuni zisanu ndi imodzi. Chimwemwe chinabwera pamodzi ndi ukali, chifukwa ndinadziwa kuti kuseri kwa chitseko kuli munthu amene akuwerenga nane.

Nkhondo ina inabuka pa dzira. Mnzanga wa kwaya uja anandipatsa mazira awiri. Ndinawiritsa limodzi, ndinalipota ndi peyala pakambale, n'kukaika pachitsa kuti ndisambe m'manja. Potembenuka ndinaona alamu atanyamula kambale kaja.

"Dzira kwa mwana wopanda mano? Ukufuna achedwe kulankhula? Pakhomo pano sizinachitikepo."

Anakhuthulira galu chakudya chonsecho ine ndikuona. Ndinawalanda kambaleko, tinakokanakokana mpaka kanagwa n'kupindika. Ndinawatchula mawu omwe sindingawalembe pano. Iwonso ananditchula awo m'chinenero chawo, ndipo ngakhale sindinawamve, ana awo anathawira m'nyumba atagwira pakamwa. Dzira lachiwiri ndinakaphikira kutsidya, ndipo kuyambira pamenepo masiku a dzira mwana ankadyera komweko.

Pofika miyezi isanu ndi inayi anali akudya katatu patsiku. Ndinkamupotera mbatata ya kholowa ndi nkhwani wotendera, nyemba zochotsa makoko, nthochi yakupsa, usipa wokazinga wosinja womwe ndinkausefa kuopa minga. Anayamba kutola yekha tizidutswa ta peyala n'kudzipaka kumaso konse. Masaya anabwerera, ndipo ku sikelo mzere unadzuka.

Bambo ake atabwera kumapeto a khofi, alamu anathamangira kumsewu kukawalandira. Ndisanatsegule pakamwa, anali atawauza kale kuti mwana akanafa ndi madzi a ufa woyera pakadapanda iwo. Ine ndinafotokoza za malovu, za mtondo, za galu. Amuna anga anamvetsera atanyamula mwana, akumuseweretsa chibwano, kenaka anati, "Nonsenu mumamufunira zabwino." Mawu amenewo anandipweteka kuposa onse a achemwali awo. Ndinawauza kuti mawa lake ndikukwera njinga yamoto kubwerera pa boma, kaya iwo atsala kaya atsagana nane. Anatsagana nane. Alamu sanatuluke kudzatsanzika, anati mutu ukuwawa.

Mwanayo pano ali ku pulayimale, ndipo kuyankhula anayamba msanga mpaka timachita kumuletsa. Wachiwiri ndinamuyambitsa chakudya pa boma pomwepo, m'kachipinda ka kuseri kwa golosale, pa mbaula yanga. Ku Misuku ndimapita pakagwa zovuta basi. Pamaliro a amalume awo a amuna anga, amayi a kumpingo anatikhazika pamkeka umodzi ine ndi alamu kuti tisende nthochi za anthu obwera kudzalira. Tinasenda m'mawa wonse, mipeni ikugundana m'beseni limodzi. Chakumasana anatembenukira kwa mayi yemwe anakhala pakati pathu n'kunena kuti, "Mufunseni ngati ana ali bwino." Ndinamuuza mayiyo kuti awauze kuti ali bwino.